Chigubu cha kwa a Bodi

Anzanga, mumakonda kundifunsa kuti mpando uja ndinausiya bwanji, ine n'kumakuyankhani kuti nthawi yanga inangokwana. Bodza limenelo! Lero ndiulule basi, kunama kwanditopetsa.

Zinali zaka zija za makuponi a feteleza, nthawi imene mafuta anasowa dziko lonse, magalimoto n'kumaswera pamzere. Ine mphunzitsi wopuma, mlimi wa fodya wa kwa Lukwa, anandisankha kulowa mu bodi ya bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ati ndikaimire alimi. Eee, kumudzi dzina langa linathera pomwepo, aliyense ankangoti "a Bodi". Tsiku la msonkhano galimoto ya bungwe inkabwera kudzanditenga pakhomo, ine n'kumakwera pang'onopang'ono kuti oyandikana nawo aone bwino.

Ndiye pa msonkhano wina tinakhazikitsa lamulo loti kugula mafuta m'zigubu n'koletsedwa, ndipo chigubu chopezeka pamalo omwetsera mafuta chizilandidwa n'kutumizidwa ku likulu. Wapampando wathu, mayi wosaseka ndi munthu, anawonjezera kuti membala wa bodi akangopezeka akuphwanya lamuloli, mpando ausiye tsiku lomwelo. Mukudziwa amene anayamba kukweza dzanja? Ine ndemwe. Ndinalankhulanso Chingerezi chambirimbiri mpaka anandiombera m'manja.

Sipanathe milungu iwiri. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, injini yanga yopopera madzi ku nazale inatsokomola kawiri n'kuzima. Petulo watha. Mbande za fodya zinayamba kuwerama, matenanti anali asanabwere kuchokera kwawo, ndipo msana wangawu sungathirire mabedi onse aja ndi keni. Mayi akunyumba anangoti, "Bambo, lamulo lanu lija lithirira fodyayu?"

Ndinamva kuti pa siteshoni ina ya m'mbali mwa msewu wopita ku boma amawathirira alimi m'zigubu kuseri kwa mpanda. Ndinati nzeru ndi imeneyi. Ndinatola chigubu chachikasu kukhitchini, osachiyang'ana n'komwe, n'kuchilowetsa m'thumba la feteleza wa kuponi wa chaka chatha, n'kumanga pa kaliyala. Ndinavala ovolosi yong'ambika, jombo, ndi chipewa chachikulu cha malemu apongozi anga. Tandiuzani, ndani akanawazindikira a Bodi ali chonchi, pa njinga?

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Kuseriko kunalidi mzere, alimi anzanga atakhalira zigubu zawo, wogulitsa akuthira mofulumira uku maso ali kumsewu. Ndinaima kumapeto, mutu pansi. Bambo amene anali kutsogolo kwanga, chimunthu chadzitho, ankangolalata: "Anthu a bodiwo nditangokumana ndi mmodzi, ndingam'mwetse petulo!" Ine n'kuvomera ndi mawu onenepa, "Zoona achimwene, anthu oipa amene aja."

Patatsala anthu atatu okha kuti ndifike pa paipi, ndinangomva kumbuyo: "Aa! Chipewa cha bambo anga ichi!"

Anali mlamu wanga Yosefe, mlongo wake wa mkazi wanga, munthu woti kunong'ona sakudziwa. Ndinam'tsinzinira diso, ndinaika chala pakamwa, koma iye ndiye anakuwa ngati ali pa msonkhano wa chipani: "Alamu! A Bodi! Anthu inu taonani, a Bodi adzizimbaitsa kuti akugwireni!"

Mayo ine! Wogulitsa anataya paipi, amayi kubisa zigubu m'zitenje, ena kuponya kuseri kwa mpanda. Bambo wofuna kundimwetsa petulo uja anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka jombo, osaphethira. Manijala wa siteshoniyo anatulukira akumanga mabatani a shati, thukuta lili kamukamu. "Bwana, tikhululukireni, sitinadziwe kuti mukubwera."

Apatu munthu wanzeru akanakwera njinga n'kuona msana wa njira. Ine? Ndinavula chipewa, n'kukonza pakhosi, n'kuyamba kuwalalikira. Ndinanena za ngozi ya moto, ndinanena za mavenda okweza mitengo, ndinanena zonse zimene ndinanena ku msonkhano kuja. Palibe anaomba m'manja. Alimi anangondizungulira, akuyandikira pang'onopang'ono, ndipo mayi wina wobereka mwana anafunsa, "Ndiye mbande zathu zife, a Bodi?" Komatu zanganso zinali kufa.

Manijala ataona kuti zinthu ziipa anati tikakambirane mu ofesi. Ndipo mukudziwa m'mene timachitira kwathu kuno, munthu wamkulu sanyamula yekha katundu pali achibale. Yosefe anathamangira pa njinga.

"Ndikulandireni, alamu."

"Ayi, kasiyeni, n'kopepuka."

"Zosatheka, anthu angatiseke!"

Iye kukoka, ine kukoka, iye kukoka, ndipo thumba lija linali litadya dzuwa chaka chathunthu. Linangoti kwee! Chigubu chinagwa pa simenti n'kugubuduka chikulira ngati ng'oma mpaka pamapazi pa manijala.

Maso onse anali pa chigubucho.

Bodza linandifikira pakamwa msangamsanga. "Mwaona? Ichi ndalanda kwa munthu wina panjira. Lembani, chipite ku likulu monga mwa lamulo!" Manijala anachitola ndi manja awiri, anachiyang'ana, anandiyang'ana ine, anachiyang'ananso. Kenako anangoti, "Chipita, bwana." Ndinapalasa njinga kubwerera kumudzi wopanda dontho la petulo, koma mumtima ndikudzitama kuti ndapulumuka. Mayi akunyumba ndinawauza kuti chigubu ndabwereka munthu.

Lachinayi la mlungu wotsatira galimoto inabwera ngati kale. Ndinalowa m'chipinda cha msonkhano suti yosita bwino, kungoti maso patebulo, mayo ine! Pakati penipeni, pambali pa mabotolo a madzi, panali chigubu chachikasu.

"Anzathuwa agwira ntchito yotamandika ku Kasungu," anatero Wapampando. "Tatiuzani bambo, munachilanda kwa ndani?"

"Munthu wosadziwika, mayi Wapampando."

"Ali kuti?"

"Anathawira m'tchire. Liwiro lake, ine sindikanam'peza."

Anagwedeza mutu, n'kuyamba kuchitembenuza chigubucho ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, mpaka mbali inayo inaloza kwa ine. Anzanga, mkazi wanga amalemba ziwiya zake zonse kuti zisasowe akazibwereketsa pamaliro. Pamenepo panali penti yofiira, zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale wokhala kukhomo awerenge: CHA KWA A BODI, LUKWA. OSABA.

Membala wina anatsamwa ndi madzi. Wapampando sanaseke ngakhale pang'ono. Anati, "Ndagwira ntchito zaka zambiri, koma munthu wodzigwira yekha n'kudzithawanso yekha ndamuona lero."

Kobwerera ndinakwera minibasi, n'kumalizira pa kabaza, suti ili mbuu ndi fumbi, oyandikana nawo aja akuonanso bwino lomwe. Ndinakhala pakhonde n'kuwafotokozera mayi akunyumba zonse, misozi ikulengeza, kuti mpando wapita, ulemu wapita, ndipo theka la nazale lauma. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kupumira m'mwamba.

"Pepani bambo. Nanga chigubu changa abweza liti?"

Mpaka lero amafunsabe. Ndiye ine ndinalumbira, pa msonkhano uliwonse, ngakhale wa komiti ya mjigo, dzanja langa limakwera pomaliza. Ndipo chiwiya chilichonse cha m'khitchini muja, ngakhale kapu, sindituluka nacho pakhomo ndisanachitembenuze mbali zonse.