Mzere umene ndinawongola

Apongozi anga aamuna masiku ano amandiyankha moni akuyang'ana kumbali, ndipo sindiwada nazo.

Tilipo anthu ochepa pa Boma pano amene timalembera limodzi pulogalamu ya pakompyuta ya gulu la alimi a mbatatesi a ku Lizulu. Lole ya wogula ikamabwera, pulogalamuyo imatumiza mauthenga m'mafoni mwawo. Apongoziwo ndinawakopa ndine kuti alowe m'gululo, modzitama ndithu.

Mayamiko, mkulu wathu, anandichenjeza nditangoyamba. "Aise, mzere wa m'pulogalamuyi ukaupeza walowa mkati, usiye. Mipata ya kumayambiriroyo ndi imene imauza kompyuta kuti mzerewo ukumvera lamulo la pamwamba pake." Ndinagwedeza mutu (ndimaugwedeza mwamphamvu kwambiri ndikakhala kuti sindinamve).

Vuto langa ndi udongo. Ine ndimasita ngakhale masokosi. Ndiye tsiku lina ndikuwerenga ntchito ya anzangawo, maso anayamba kundiyabwa: mizere ili khotikhoti ngati mano a nkhalamba. Umodzi unali utabisala mkatikati, wa uthenga wakuti, "Mbatatesi yanu yakanidwa, musabwere nayo." Pamwamba pake panali lamulo loti uzipita kwa okhawo amene mbatatesi yawo yapezeka yowola. Ndinaukokera kumanzere kuti ufanane ndi inzake, n'kulembera anzanga kuti ndakonza maonekedwe. Ndinkadikira kuyamikiridwa, ine wanuwanu.

Kompyuta sinadandaule. Inangotumiza uthengawo kwa mlimi aliyense. Lole inafika, inadikira, inabwerera yopanda kanthu, ndipo wogulayo anakapeza alimi ena. Mayamiko sanakalipe, anangondilanda mphamvu yosintha chilichonse. Pano ndimaloledwa kuwerenga basi.

Kwa apongozi ndinapita ndekha, mkazi wanga atakana kundiperekeza. Ndinawapeza atakhala pakhonde, matumba ataunjikana, fungo litayamba kale.

"Akamwini, makina anuwo afa?"

"Ayi bambo, ali bwinobwino. Ndinasuntha mzere pang'ono."

"Pang'ono pake bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi zala, kampata kosakwana ndi njere ya nyemba yomwe. Anayang'ana zalazo nthawi yaitali, kenako anayang'ana matumba.

"Dzinja lonse tavutika kumundali," anatero motsitsa mawu, "lathera pakati pa zala zanuzo?"

Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe. Ndinathandiza kusankha mbatatesi yowolayo mpaka manja kununkha.

Dzulo ndinaona mzere wina wa Mayamiko utalowa mkati mopitirira muyeso. Ndinakhalira manja anga mpaka anachita dzanzi, koma kunena zoona, mzerewo ndi wokhota.