Che Uladi, Mdani wa Nyimbo Zadzulo

Pa Nkaya, pomwe njanji yochokera ku Blantyre imagawikana, ina kuloza ku Balaka ina ku Liwonde, panali telala wina dzina lawo Che Uladi. Aliyense amene anakhalako zaka za m'ma 1980 angakuuzeni kuti bambowa anali ndi nthenda imodzi yokha: sankalola kuti nyimbo yatsopano ilowe m'khutu la munthu wina isanadutse m'khutu lawo. Ndipo ikangotha sabata, kwa iwo inali itasasa kale.

"Imeneyo ndi yadzulo," ankatero akukwinya mphuno. "Zimitsani, mukungotha mabatire."

Mashini awo osokera anali pakhonde la golosale, moyang'anana ndi siteshoni. Pambali pake pankakhala wailesi ya kaseti yomangidwa ndi chubu cha njinga, ndipo padenga pankakhala mabatire oyanikidwa ngati makaka a chinangwa, poti Che Uladi ankakhulupirira kuti dzuwa limawabwezera moyo.

Nyimbo zomveka pa wailesi ya dziko lonse analibe nazo ntchito. Iwo ankasaka za anyamata odzijambula okha, a ku Balaka, ku Ulongwe, ku Ntaja, ena a ku Ndirande, amene ankabwereka gitala ndi batire ya galimoto n'kudzitsekera m'chipinda, zenera atatchinga ndi matiresi. Makaseti otere ankabwera opanda chithunzi, dzina la bandi litalembedwa ndi bolopeni. Nthawi zina mkati mwa nyimbo munkamveka tambala, kapena mayi akukalipira mwana panja.

"Mwamumva tambalayo?" ankafunsa monyadira. "Iyi ndiye yaiwisi. Yathyoledwa lero lomwe."

Kaseti ikatha, khonde lonse linkakhala chete kudikira chigamulo. Che Uladi ankayamba aluma ulusi, n'kulavula, kenako n'kunena kuti, "Wagitala wakhuta, koma wang'oma sanadye." Kapena, "Mawu mnyamatayu ali nawo, koma akuthamanga ngati waba mbuzi." Akangonena m'Chiyao kuti chambone, kutanthauza kuti ili bwino, kasetiyo inkafika mpaka ku Chikweo ndi ku Ngokwe pakaliyala wa njinga. Akati ngwamba, kutanthauza kuti ayi, mwini wake ankangobwerera kukalima thonje.

Vuto linali loti phazi lawo lopalasa mashini linkatsata ng'oma. Nyimbo ikakhala yothamanga, malaya ankatha munthu asanamalize kupereka moni. Ikakhala yachisoni, diresi la ukwati linkatha mkwatibwi ali ndi pakati pachiwiri. Tsiku lina aphunzitsi a Lyford anabwera kudzatenga thalauzi yawo n'kupeza mwendo wina ukukwekwereza pansi, wina ukulekeza m'katumba.

"Che Uladi, ichi n'chiyani?"

"Mabatire anathera pamwendo wamanzerewo, aphunzitsi."

"Nanga ndiyenda bwanji?"

"Muziima chammbali. Ana amayang'ana pabolodi, sayang'ana miyendo."

Tsiku lobwera sitima linali la chikondwerero. Shehe wa pamzikiti ankadandaula kuti patsikuli pemphero la swala la Che Uladi linkafupika ngati kabudula wa mwana wa sukulu. Sitima isanaime n'komwe, iwo amakhala ali kale pamazenera, tepi yoyezera ili m'khosi, akufunsa apaulendo ngati anyamula chatsopano. Tsiku lina anapeza msilikali wopita kutchuthi akuliza kaseti ya anyamata a ku Zomba. Anakwera kuti angomva ndime imodzi. Ndime inabala inzake, sitima inanyamuka, ndipo Che Uladi anadzazindikira akuona madzi a Shire pazenera. Anabwerako mawa lake pathilakitala, nkhwaira imodzi itatayika, koma nkhope ili ngwee.

Akazi awo, Abiti Hamadi, anawalandira manja ali m'chiuno.

"Mwabwera nacho chiyani ku Liwondeko?"

"Nyimbo zinayi, Abiti. Zitatu ndi ngwamba, koma imodzi mukanaimva."

"Ine ndakhala nanu zaka zonsezi. Ndiye kuti nanenso ndine wadzulo?"

"Iyayi. Inu tsiku lililonse mumatulutsa yatsopano, ndipo woyamba kuimva ndimakhala ine."

Munthu wodana ndi zakale chotere sakanavomera kuti iyenso akukalamba. Che Uladi ankauza aliyense kuti anabadwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha kale, ngakhale anzawo oyenda ndi ndodo ankakumbukira kuti kujando anapitira limodzi. Kofia sankavula pagulu, ndipo tsitsi lotulukira m'mbali ankalipaka polishi wa nsapato. Mwezi wa Okutobala polishiyo ankatsikira m'khosi, iwo n'kumati ndi thukuta la unyamata. Munthu akalakwitsa n'kuwatchula kuti agogo, chovala chake chinkapita pansi pa mulu mpaka mvula.

Mwa oimba onse, amene ankamukonda kwambiri anali Blasius, Mkatolika wa ku Balaka, wowotcherera ndowa masana n'kumaimba gitala Loweruka. Ankamukonda mwa njira yawoyawo: makaseti ake awiri oyamba anawakana pamaso pa anthu. Yachitatu Blasius anabwera nayo yekha panjinga, thukuta lili kamukamu, n'kuiika mu wailesi. Munali nyimbo imene anapekera ng'ombe yokoka ngolo ya amalume ake:

Nkhalamba yatopa, ilekeni ipume,
goli lakula, khosi lalema,
apatseni ana akokeko ngolo.

Phazi la Che Uladi linaima pamashini. Anatsinzina mpaka nyimbo inatha, kenako anati, "Chambone." Blasius anatembenuka kuyang'ana njanji kuti anthu asaone misozi.

Sabata isanathe nyimboyo inali paliponse, kuchigayo, kumjigo, pamsika wa thonje. Ndipo inafikanso m'makutu oyenera kuopedwa. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankatha kutengedwa pagalimoto chifukwa cha nthabwala ya pamowa, abale ake osadziwa kokamufunsa. Popeza mtsogoleri wa dziko anali wokalamba, nyimbo yonena za nkhalamba yoyenera kupuma inali ngati kuyatsa fodya m'nkhokwe ya thonje.

Lachisanu lina masana, tcheyamani wa chipani m'deralo, a Wyson, anafika pakhonde paja ndi ayufi ovala malaya ofiira. Pakati pawo panali Blasius, atamugwira. Anthu anasonkhana chapatali, aliyense akunamizira kugula nthochi.

"Che Uladi," anatero a Wyson, "mnyamatayu akuti anaimbira ng'ombe. Ine ndikuoneka ngati mwana? Inu ndi amene munayamba kuliza nyimboyi. Nkhalamba akunenayo ndani?"

Che Uladi anayang'ana Blasius, n'kukumbukira kuti mkazi wa mnyamatayo anali ndi khanda losatha mwezi. Mtima unagunda kuposa ng'oma iliyonse imene anaimvapo.

"Mnyamatayu wanama chifukwa cha ulemu, a tcheyamani. Nkhalambayo ndine."

"Inu? Nanga goli?"

"Ndi tepi ili m'khosiyi. Ndayamba kalekale kuinyamula."

"Ngolo?"

Anasisita mashini. "Iyi. Ndimaikoka tsiku lonse koma sifika kulikonse."

A Wyson anapukusa mutu. "Musandipusitse. Nkaya yonse ikudziwa kuti inu mumati ndinu mnyamata."

Apa mpamene Che Uladi anachita chimene sanachitepo chibadwire. Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuvula kofia. Mutu wonse unali mbuu ngati thonje la ku Ngokwe, kupatula mkombero wakuda wa polishi wozungulira m'mbali ngati mphika wamwaye. Mayi wina wogulitsa nthochi anagwira pakamwa.

Abiti Hamadi, amene anaima pakhomo la golosale, anaona kuti mwayi wotere subwera kawiri.

"Akunena zoona, a tcheyamani. Mawondo awa m'mawa amalira ngati chitseko cha khola. Ulusi pasingano ndimawalowetsera ndine kuseri kwa nyumba. Mano otafunira anatha kale, chimanga chokazinga amangoyamwa."

"Abiti, zakwana," ananong'ona Che Uladi.

"Sizinakwane. Akuluakulu akufuna umboni. Pomwe ankandifunsira, mitengo ya mango ili apoyi inali isanabzalidwe."

Woyamba kuphulika anali mmodzi wa ayufi aja. Kenako a Wyson nawo anagwira mimba, n'kukhala pansi pabenchi. Atapuma anapukuta maso, nati, "Blasius, uzilemekeza akuluakulu. Wapita kukaimba bambowa dziko lonse?" Anamumasula, koma kaseti anaitenga, amvekere akukaifufuza bwinobwino. Anthu oyandikana nawo nyumba amati kufufuzako kunkamveka madzulo aliwonse, ana akuvina pabwalo.

Kuyambira tsikulo dzina loti Che Uladi linayamba kuiwalika. Ana opita kusukulu ankawapatsa moni kuti Che Nkhalamba. Apaulendo ankasuzumira pazenera la sitima n'kuwaimbira kuti ilekeni ipume. Polishi anamusiya, poti analibenso chobisa. Patapita miyezi Blasius anabwera ndi nkhuku kudzathokoza, akulephera kuwayang'ana kumaso.

"Ndakuvulani ulemu, bambo."

"Ulemu si kanthu, mwanawe. Chikundipweteka n'chakuti nyimbo imeneyi yatha miyezi, koma anthu akundiimbirabe. Pita ukapeke ina, undipulumutse."

Che Uladi anakhalanso zaka zingapo akugamula milandu ya magitala, mpaka chifuwa chinawagoneka chaka chimene mvula inakana. Masana ena Blasius anafika ndi gitala wopanda magetsi, nakhala pamkeka pafupi ndi mutu wawo.

"Ndabwera ndi yosajambula n'komwe. Ngakhale mkazi wanga sanaimve."

Maso a Che Uladi anatseguka. "Abiti, tulukani kaye. Mudzaimva pambuyo panga."

Abiti anatuluka akuseka, koma atafika pakhonde anakhala pansi n'kudziphimba kumaso ndi mpango. M'nyumba gitala analira motsitsa. Itatha, kunamveka kutsokomola, kenako mawu osasa: "Ndime yachiwiri yatalika. Idule. Ukaidula ubwere nayo." Blasius anakaidula, koma pobwera nayo anapeza amuna akuchokera kumanda.

Khonde lija lidakalipo, ndipo sitima ikaima amayi a nthochi amathamangirabe kumazenera. Nyimbo zatsopano sizinaleke kubwera, zinachita kuchuluka. Blasius atajambula kaseti yake yotsatira anaibweretsa pakhonde lomwelo, anthu n'kudzaza mpaka pamsewu. Inalira mpaka kumapeto. Wina anayang'ana pansi, wina anakanda m'mutu.

"Mwaimva bwanji?" anafunsa Blasius.

"Ili bwino," anatero aphunzitsi a Lyford.

"Ili bwino kwambiri," anavomereza ena onse.

"Palibe polakwika paliponse?"

"Iyayi, palibe."

Blasius anathokoza mwaulemu, naika kaseti m'thumba, n'kukankha njinga yake osaikwera mpaka kuseri kwa siteshoni. Chichokereni Che Uladi, nyimbo iliyonse yofika pa Nkaya imakhala yabwino, ndipo oimba akuti n'chifukwa chake sakondanso kutsikirapo.