Tsiku Limene Ndinayanika Kamera ya Nyenyezi

Pa Limbuli pano palibe amene sandidziwa. Ndinali kapitawo ku tiyi, ndikakuwa kuno ankamva ali kuphiri. Koma nkhani iyi ndiinena chapansipansi.

Mdzukulu wanga Esinati, wa ku yunivesite uja, anabwera ndi chimpope chamiyendo itatu choonera nyenyezi, kumbuyo kwake atamangako kakamera. Anabwereka kusukulu kuti ajambule nyenyezi, apeze malikisi omalizira maphunziro. Akuti kwathu kuno mdima wake ndi wabwino. (Mdimanso kukhala wabwino! Sukulu izi.)

"Agogo, kamerayi imaona ngati kadzidzi. Kukawala kwambiri imachita khungu. Ngakhale tochi ayi. Chivindikirochi musatsegule."

"Iwe, ine ndinkayang'anira mathirakitala amako asanabadwe!"

Usiku woyamba kunagwa chiperoni, sanajambule kanthu. Analowetsa zonse m'nyumba, m'mawa n'kupita kumsika. Ndikachigwira chimpope chija, chinyezi chokhachokha. Tsono inu, chinthu chikanyowa mumatani? Makaka timayanika, nandolo timayanika. Dzuwa litatuluka ndinachinyamula, kukachiimika pafupi ndi mphasa ya makaka. Ndinachotsa chivindikiro kuti muume ndi m'kati momwe. Ndikuona dzuwa silikulowa bwino, ndiye ndinachitembenuza mpaka chinapenyana nalo maso ndi maso. (Ine ntchito ya theka sindigwira.) Mwayi sindinasuzumiremo, akuti diso likanapsa ngati dzira.

Posakhalitsa ndinamva fungo la jumbo yopsa. Ndinawakalipira aneba kuti asiye kutentha zinyalala.

Esinati pofika anagwetsa tomato. Sanakuwe ayi. Anangovindikira, n'kukhala pansi pa dothi.

"Agogo, kamera yapsa. Ndikanena chiyani kusukulu? Andibweza chaka."

Ndinawerama n'kuyamba kutola tomato uja.

Lolemba ndinavala jekete, kukwera naye minibasi. Aphunzitsi ake anali mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga, koma chipewa ndinavula.

"Amayi, mwanayu anandiuza. Wosamva ndine. Ngati pali wobwereza chaka, ndibwereze ine."

"Munaiyanika, bambo?"

"Pamodzi ndi makaka."

Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Atapukuta misozi anati Esinati ajambulanso ndi kamera ina, koma pabwalo la sukulu, kutali ndi agogo.

Ndaphunzira, sindikana: mwana akati osatsegula, osatsegula. Kungoti pobwerera, minibasi itaima pa Nkando, ndinamukodola Esinati.

"Koma chinauma, eti?"

Mpaka pa Limbuli sanandiyankhule.