Madontho Obiriwira a Lufeyo

Mwambi uwu, atsikana inu othamangira banja, unayamba motere.

Ku Mponela kunali bambo wina, Lufeyo, amene ankanyamula tomato wa anthu pa kapikapu kakale. Galimotoyo anamugulira ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake Nachisale. Tsiku lolandira makiyi, Lufeyo analumbira pamaso pa ankhoswe kuti kwa Esinala, chibwenzi chake chakale, sadzapondakonso. Akadzaponda, galimoto idzabwerera kwa eni ake, Nachisale ndi mwana ali momwemo.

Patapita miyezi kapikapu kaja kanayamba kumwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe. M'mawa athira mu rediyeta, masana muvi wa kutentha uli pofiira.

"Bambo a Takondwa," anatero Nachisale, "yalani katoni pansi pa injini, tione pomwe madziwa akudonthera."

"Iwe, injini si ndowa yako yobooka. Za amuna zisiye."

Kubawo anamuuza kuti dzira limamata pobooka, ndiye anaswera mazira awiri mu rediyeta. Galimoto inayenda tsiku lonse ikununkha ngati pa chiimilire, madzi osasiya kutha. Anathira tsabola wopera, nayenso ayi. Tsiku lina anatsegula chitsekerero injini ikadatentha, nthunzi n'kumuwaula nsidze zonse.

Nachisale anadikira kuti bambowo alowe kubafa, nayala katoni ija yekha. Atagwada, mwana ali kumbuyo, anaona kuti rediyeta ndi youma gwa. Dontho linkachokera pa paipi yakunsi, pomwe kachitsulo komangira kanakhwefuka. Anati akanene, koma anakumbukira kuti Lachitatu lililonse bambo amapita ku Dowa kukafuna sipeya atadzola mafuta onunkhira, n'kubwerako chimanjamanja. Anatseka pakamwa pake, katoni n'kuisonkhezera pamoto.

"Akuti amakaniko enieni amathira madzi obiriwira a kusitolo aja," anatero Nachisale pambuyo pake. "Pobooka pamaonekera."

"Ndimadziwa kale zimenezo. Ndimangokuyesa."

Lufeyo anagula zigubu ziwiri, nathira chimodzi. Pofuna kuonetsa ukatswiri anagwedeza paipi iliyonse ndi mphamvu zake zonse, ndipo kudontha kuja kunasanduka kuchucha.

Lachitatu litafika, anadzola mafuta ake n'kuliza injini. Nachisale anabereka mwana, nadzera kwa nkhoswe wake, malume ake a Chimbalanga, amene kale ankayendetsa lole. Awiriwo anatsata madontho obiriwira m'fumbi, kudutsa pachigayo, kudutsa pamjigo. Pamphambano, msewu wa ku Dowa unapita kumanja, madontho kumanzere.

"Malume," anafunsa Nachisale, "kodi Dowa anasamuka?"

Madontho anakathera kuseri kwa nyumba ya Esinala, pansi pa mtengo wa mango. Kapikapu kanali phee pamenepo, chithaphwi chobiriwira chili pansi pake. Lufeyo anatuluka m'nyumba atavala vesiti yokha, mwendo wa nkhuku uli m'manja.

"Malume! Galimoto inatentha, ndiye ndangoima kupempha madzi."

A Chimbalanga anayang'ana pansi. Pomwe panaima matayala udzu unali utafa kalekale.

"Inde, mkamwini. Ndipo ikuoneka kuti imatenthera pomwe pano sabata iliyonse."

Esinala anasuzumira pakhomo. Nachisale anamupatsa moni mwaulemu, nati, "Amayi, ndibwerekeniko mpeni."

Mwendo wa nkhuku unagwa. Lufeyo anathawira kumbuyo kwa a Chimbalanga. "Mayi a Takondwa, tikambirane! Mwana akuona!"

Esinala anaupereka mpeniwo, chitseko n'kukhoma. Nachisale anagwada pansi pa galimoto, nalowetsa nsonga ya mpeni pa kachitsulo kaja, n'kupotokola katatu. Kuchucha kunaleka pomwepo. Anathira madzi a m'chigubu chotsala, napukuta manja pachitenje.

"Ndowa yanga yamatika," anatero. "Makiyi apatseni malume."

"Nanga ine ndibwerera bwanji?"

"Mubwerere kuti? Mwafika kale ku Dowa."

A Chimbalanga analiza injini, muvi uli pakati bwinobwino. Asananyamuke anatulutsa mutu pawindo, nayang'ana chithaphwi chija, nayang'ananso mkamwini wopanda nsidze uja ali chilili ndi vesiti yake, napukusa mutu.

"Tinakulumbiritsa pachabe, Lufeyo. Madzi saiwala khwawa."