Tambala wakuda pakati pa makatoni

Mpaka lero ndikamva chinthu chikukanda pa katoni, ndimayamba ndaona chomwe chili mkatimo. Nkhaniyi ngakhale akunyumba sindinawafotokozere yonse, ndiye inu muisunge.

Nthawi imeneyo ndinali kalaliki pa bungwe lina ku Zomba kuno, ndidakali pa miyezi yoyesedwa ntchito. Bungwelo linaitana alendo a m'maiko oyandikana nafe kudzakambirana momwe tingakwaniritsire pangano lomwe maiko anasainirana lothana ndi katangale. Msonkhano unali pamwamba pa phiri.

M'mawa wa tsikulo, mayi wina wa ku Chinamwali, amene ankafuna kuti ndizimuika pa ntchito yophikira misonkhano yathu, anandipeza pa ofesi atasenza katoni. Mkati munali tambala wakuda bii. Anati ndi moni chabe. (Ndinadziuza kuti kukana nkhuku ndi mwano, koma chilungamo chake, malovu anali atadzaza kale m'kamwa.) Katoniyo ndinaibisa kuseri kwa chitseko, pafupi ndi makatoni a timabuku ta msonkhano, n'kukwera galimoto yoyamba.

Titafika pamwamba, chifunga chinatsika mpaka mitengo ya paini yonse inasowa. Magetsi anathima, moti m'holomo munali ngati kumanda ngakhale anali masana. Wotsogolera alendo, mayi wa ku Mozambique wolankhula Chinyanja cha ku Tete, anati mdima usatiletse, tiimirire, tikweze manja, tilumbire kuti pa ntchito sitilandira mphatso. Langa ndinakweza kuposa onse.

Pomwepo tinamva kwee, kwee, ngati munthu akukanda ndi zikhadabo. Dalaivala wathu anandinong'oneza kuti phiri ili lili ndi eni ake, ndipo sakondwa ndi munthu wolumbira zabodza pamalo pawo. Wabodzayo ndinkamudziwa. Koma tambala ndinamusiya kumunsi, nanga wokandayo anali ndani?

Kenako katoni imodzi pakona inayamba kuyenda yokha, pang'onopang'ono, kulunjika kwa ine. Abwana anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, anayamba kupemphera motsitsa. Ine mantha anandimaliza. Ndinagwada pamaso pa maiko onse aja n'kufuula kuti, "Ndavomera! Ndalandira nkhuku m'mawa uno, mundileke ndikhale ndi moyo!"

Dalaivala anatsegula katoniyo. Tambala anatulutsa mutu n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. Dalaivalayo anali atangonyamula makatoni onse omwe anawapeza kuseri kwa chitseko. Ndikanangotseka pakamwa, palibe akanadziwa mwini wake.

Mayi wa ku Tete uja sanaseke. Anati, "Achimwene, zaka zonsezi tikufufuza anthu, inu ndinu woyamba kuulula musanafunsidwe." Abwana anandikokera panja n'kunena kuti ngati ntchito ndikuifunabe, tambalayo abwerere kwa mwini wake tsiku lomwelo, ndipo galimoto ya bungwe sinyamula ziphuphu.

Ndinatsika phiri wapansi m'chifungamo, tambala ali m'khwapa. Nditafika ku Chinamwali ndinafotokozera mayi uja zonse, ndi za pangano la maiko zomwe. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anati, "Yachepa eti, bambo? Dikirani, kuseriku kuli kambuzi."

Ndinakana, ndipo ntchito ndinaipulumutsa. Koma poti lero ndikuulula zonse: ndisanakane, ndinayamba ndasuzumira kuseriko.