Mlungu Womaliza wa Thanki Yopanda Nsomba

Lolemba

Sabata yachinayi ya thanki yanga yagalasi. Muli madzi, mchenga, miyala isanu yakumtsinje, ndi kapampu kokoka madzi kudzera mu siponji. Nsomba mulibe. Ndi dala.

Ndilembe pano, poti pakamwa ndatopa nako kufotokoza. Nsomba imadya ndi kudzithandiza m'madzi omwewo, ndipo zonyansa zakezo zimaipha. Ndiye usanaike nsomba umayamba waweta tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, tomwe timakhala mu siponji ndi m'miyala n'kumadya zonyansazo. Kuti tichuluke, m'mawa uliwonse ndimathira kachakudya ka nsomba m'madzi opanda nsomba. Kakaola, tizilombo tadya.

Zoyezera ndi timabotolo tiwiri ta madontho:
– Ka amoniya, poizoni wochokera m'zonyansazo. Chikasu ndi bwino, kubiriwira ndi imfa. Lero chikasu.
– Ka naitiraiti, poizoni wachiwiri. Buluu ndi bwino, pepo ndi imfa. Lero pepo, koma wofooka.

Pangano langa ndi mayi akunyumba ndi ili. Thanki ili patebulo la makina awo osokera, makinawo ali pansi kuchipinda. Lamulungu alamu akubwera ndi nsomba zisanu ndi imodzi zofiira kuchokera ku Limbe. Zikalowa m'thanki, tebulo ndi langa. Zikapanda kulowa, makina abwerera. Ndinavomera ndekha, apongozi akumva. Ndine mkamwini, ndinamanga pamudzi pa eni. Tebuloli likapita, changa chotsala pabalaza ndi kalendala.

Lachiwiri

Kumjigo ndisanapite kusukulu. Madzi ndimatunga ndekha, chifukwa am'ndowa zapakhomo ndi othira klorini, ndipo klorini sasankha tizilombo tabwino kapena toipa.

Pamzere pali amayi okhaokha ndi ine. Mbiri yafika kale. Zomwe ndamva kumbuyo kwanga:
– "Ndi awa odyetsa madzi aja."
– "Ati nsombazo zilimo, koma ndi zachizungu, sizioneka."
– "Kusukulu amaphunzitsa bwinobwino. Zimayamba akaweruka."

Ndatunga, ndabwerera kukayeza. Pepo wafookanso pang'ono. Masiku asanu akwana.

Lachitatu

Madzulo kwabwera Che Jafali, mnansi wathu wa damu la nsomba kudimba. Abwera ndi ndowa yovindikira ndi masamba a nthochi.

"Aphunzitsi, tamva kuti mwavutika. Simungakhale ndi damu m'nyumba lopanda kanthu ife tili pompano."

Ndapita kukawatengera mpando. Pobwerera, makumba awiri aakulu ngati chikhatho ali kale m'thanki. Mphatso ya mnansi sungaivuule mwini wake akuona. Ndathokoza. Ndathokozanso kachiwiri, poti amadikira.

Zomwe makumba achita tisanamalize kupatsana moni:
– akumba mchenga wonse n'kuuunjika pakona
– agwetsa mwala waukulu
– asandutsa madzi kukhala ngati thobwa

Mayi akunyumba akuti nsomba zalowa, ndiye mwina pangano latha mondikomera. Ndawauza kuti izi si nsomba za pangano. Akuti chabwino, ndanena ndekha.

Lachinayi

Poweruka ndapeza pamwamba pa madzi payera ndi madeya. Che Jafali anasiya malangizo akuti makumba amadya madeya, kambale kamodzi m'mawa. Kambale kamodzi ndi ka damu lonse. Mayi akunyumba atsatira bwino lomwe.

Amoniya: kubiriwira ngati chisoso!

Ndachotsa theka la madzi. Maulendo atatu akumjigo dzuwa lili pamutu, amayi aja akuwerenga. Mmodzi akuti tsopano ndayamba kuwasambitsa madziwo.

Makumba ndawaika m'beseni kukhitchini kuti apume. Sanapume nthawi yaitali. Madzulo ndawapeza m'mbale, ndi tomato. Ndadya. Anali okoma, ndipo zimenezi zandikwiyitsa kuposa madeya.

Lachisanu

M'mawa amoniya wabwerera ku chikasu. Tizilombo tanga tagwira ntchito usiku wonse popanda wotiyamika. Ndanyada ngati kalasi yonse yakhoza.

Che Jafali panjira afunsa za nsomba zawo. Ndati zili bwino kumene zili.

Masana. Chifukwa alamu akubwera, nyumba yonse yakolopedwa, makatani achapidwa. Pathandala, pakati pa mapoto ndi makapu, pali siponji yanga. Yoyera mbee, ikununkhira sopo, youma gwa.

Mayi akunyumba akuti, "Inali yonyansa ngati ya kuchimbudzi. Achimwene akanati chiyani?"

Zonyansazo ndiwo anali masabata anga atatu ndi theka. Kenako ndakumbukira kuti tizilombo tina tili m'miyala ndi mumchenga. Tochepa, koma tilipo. Ndabwezera siponji nditaitsukuluza kasanu. Ndathira kachakudya.

Pepo wakula. Masiku awiri.

Loweruka

Palibe sukulu, ndiye ndalonda thanki kuyambira m'mawa. Ndabisa madeya. Ndabisa sopo.

Cha m'ma teni koloko kwafika apongozi. Ali m'komiti ya zaumoyo, ndipo poti mvula yayamba, akuyenda khomo ndi khomo ndi botolo la klorini kuthira m'chilichonse chosunga madzi. Apongozi akalowa pabalaza, mkamwini sakhala nawo maso ndi maso. Ndatuluka kukakhala pakhonde, monga ndachitira zaka zonsezi. Zenera ndi lotsegula, ndikumva zonse.

Afunsa mwana wawo kuti madzi awa akhala nthawi yanji. Ayankhidwa kuti mwezi. Osaphimba? Osaphimba. Nanga bambo akuchita nawo chiyani?

"Akuti akuwetamo tizilombo."

Mayi akunyumba sananame, ndi mawu anga enieni. Ndamva chivindikiro cha botolo chikutseguka. M'ndowa apongozi amathira kachivindikiro kamodzi. Ndawerenga tinayi.

Ndikanatha kukuwa. Kuchokera pampando kufika pazenera ndi mapazi awiri. Koma munthu sukuwira apongozi pazenera, pamudzi pawo, atanyamula botolo loteteza ana ku kolera. Ndatsokomola. Apongozi andifunsa ali m'katimo ngati chifuwacho ndapita nacho kuchipatala.

Potuluka aima chapatali, ayang'ana kumbali mwaulemu.

"Bambo, madzi anu aja takukonzerani."

Ndati zikomo amayi, mwatithandiza.

Lamulungu

Ndayeza m'mawa, mwa chizolowezi chabe. Buluu! Woyamba mwezi wonse, wokongola ngati yunifolomu yatsopano. Klorini wadya naitiraiti, wadyanso zonse zomwe ndimaweta. M'nyumba mukununkha ngati kuwodi yakuchipatala.

Alamu afika pakabaza titangochoka kutchalitchi, jumbo yamadzi ili pachifuwa. Nsomba zisanu ndi imodzi, zofiira, zimichira ngati nsalu. Imodzi ili ndi kadontho kakuda pamutu. Ndaziyang'ana nthawi yaitali kuposa momwe ndapatsira moni alamuwo.

Mayi akunyumba aona kabotolo patebulo. Mwezi wonse akhala akumva za buluu, ndiye akudziwa. Akuti ndapambana, ndiike nsomba, makina akhala kuchipinda. Akunena ndi mtima wabwino, ndipo apongozi pakhomo akugwedeza mutu kuti mankhwala awo agwira ntchito.

Kungomasula jumbo basi, tebulo ndi langa. Nsombazo sizikanafika nthawi ya chakudya chamadzulo.

Ndauza alamu abwerere nazo, akazisunge kwa wozigulitsa ku Limbe. Afunsa chavuta n'chiyani madzi oyera chonchi. Ndati ayeretsetsa. Palibe wafunsanso. Zandiwawa, ndisaname, makamaka ya kadontho ija.

Madzi ndataya kuseri, kutali ndi maluwa. Makina ndanyamula ndekha kuwabwezera patebulo, ndi olemera kuposa momwe ndimakumbukira. Mayi akunyumba ayamba kale kusoka mpendero wa siketi ya munthu.

Zotsala:
– miyala isanu, ili pakhonde
– siponji, ili kukhitchini, ikutsuka mbale
– timabotolo tiwiri, m'thumba la jekete

Thanki yapukutidwa, yaikidwa pakona, yathiridwa nandolo. Apongozi akuti ndi nzeru ndithu, anankafumbwe akalowa tiziwaona msanga. Akuti mkamwini wawo amaganiza patali.

Nandolo akuoneka bwino mbali zonse zinayi. Ndadzipeza nditaima pamenepo ndi kachakudya m'manja.