Nyongolotsi za ku Kasenengwa

Lolemba
Bulaki, ng'ombe yanga yapagoli, waphedwa lero kubutchala ku Chipata, poti anawonda mpaka nthiti kuwerengeka. Chiwindi achikana. Muli nyongolotsi zaphanthiphanthi ngati timasamba, ndatengako zingapo. Kuno ku Madzimoyo tinalibe zotere. Zayamba chibwerere ng'ombe za alamu anga a Jere, zija analandira pa malowolo kuchokera ku Kasenengwa. Zimamwa padambo langa. Sindikunena kanthu, ndikungoona.

Lachiwiri
Ndatsala ndi ng'ombe imodzi, mvula ili pafupi. Alamu akuti, "Musadandaule, mudzamanga yanu ndi yanga pagoli." Kukoma mtima kotereku kukundikayikitsa. Munthu wosalakwa sathamangira kuthandiza.
Ndipeza umboni. Zofunika: mabotolo awiri, kachasu wosungiramo nyongolotsi, lula ya kusukulu. Za Bulaki ziyenera kufanana ndi za ku Kasenengwa.

Lachitatu
Ndabwerera kubutchala. Wogulitsa nyama wandipatsa nyongolotsi za ng'ombe ya ku Kasenengwa, akundiyang'ana ngati ndapenga. Ndayeza. Za Bulaki n'zazitali, za uko n'zazitalinso. Zagwirizana! Mlandu watha.
Madzulo ndayezanso. M'botolo la Bulaki muli zina zazifupi, zonenepa. M'botolo linalo zilimonso zosadziwika mbali. Kachasu wazifupikitsa, kapena wina wagwira mabotolo anga.

Lachinayi
Amake ana apeza mabotolo kuseri kwa wailesi. "Mukufuna kumutani mchimwene wanga?" Ndati ndi kafukufuku. Atuluka, alunjika kwa a Jere. Pakhomo pano palibe chinsinsi.

Lachisanu
Ndapita nawo mabotolo kwa dokotala wa ziweto, mtsikana wamagalasi. Akuti mitundu ilipo iwiri, yaitali ndi yaifupi, koma kumene yakumana imakwatirana, ana ake n'kukhala apakatikati. "Ndi maso simungadziwe, bambo. Ngakhale ife mpaka tipime chibadwa chake pamakina." Nanga kwawo? "Sizikhala ndi kwawo. Zimakulira mu nkhono za m'madzi. Ng'ombe zanu zimadya kuti?"
Ndati padambo langa. Wagwedeza mutu.
Ndikukayika. Mwina ndi wa ku Kasenengwa.

Loweruka
M'mawa ndatsikira kudambo. Nkhono mbwee, m'matope monse, mpaka pachitsime chimene ndinakumba ndekha. Zikuoneka zakhazikika kalekale.
Ng'ombe za alamu palibe. Azisamutsira kumjigo, ndipo azimwetsa mankhwala. Uthenga wabwera kudzera mwa amake ana: "Akuti zikomo powachenjeza. Akutinso yawo sangaimange goli limodzi ndi yanu, ingaipatsire matenda a ku Kasenengwa."
Zandiwawa, chifukwa mawuwo ndi anga.

Lamulungu
Kutchalitchi alamu andipatsa moni wa manja awiri, wautali, mpaka anthu kutembenuka. Za goli sanatchule.
Mitambo yadetsa kumapiri. Ng'ombe imodzi, goli la ziwiri. Mabotolo ndataya kudzala, ndi kachasu yemwe.
Amake ana andinolera khasu, aliimika pakhomo.